Umboni wa opulumuka ku Holocaust pa foni: ndemanga yanga pa nkhokwe ya USC Shoah Foundation

Ndimaphunzitsa History pa sekondale ina yoyendera kuno ku Mzuzu, ndipo aphunzitsi anzanga akhala akundifunsa ngati mavidiyo omwe ndimaonetsa ana a Fomu 4 ndi oyeneradi kuwathera bandulo. Eya, ndi oyenera, koma ali ndi kagwiritsidwe kake. Ndikunena za nkhokwe ya umboni ya bungwe la USC Shoah Foundation, yomwe imapezeka pa intaneti m'malo atatu: pa YouTube, pa tsamba la aphunzitsi ndi ophunzira lotchedwa IWitness, ndi pa tsamba lofufuzirapo la Visual History Archive. Konseku ndalowako, ndili m'kalasi komanso ndili kunyumba kwanga ku Chibavi.

Kwa amene nkhaniyi sanaimve bwino, Holocaust ndi chiwembu chomwe boma la chipani cha Nazi ku Germany, pamodzi ndi omwe ankalithandiza m'mayiko ena, linapulula nacho Ayuda 6 miliyoni. Hitler analowa m'boma pa 30 Januwale 1933, ndipo pomwe nkhondo inkatha mu 1945, pa Ayuda atatu alionse a ku Ulaya awiri anali ataphedwa. Ana okhaokha anali pafupifupi 1.5 miliyoni. Manambala amenewa ophunzira anga amaloweza mosavuta, pa mayeso a MSCE amalemba n'kukhoza. Koma mwana yemweyo akhoza kulemba 6 miliyoni m'mawa mtima uli m'malo, madzulo n'kutumizira anzake pa WhatsApp uthenga wonena kuti Ayuda ndiwo agwira ndalama za dziko lonse, osaona kuti ziwirizi n'zolumikizana. Chimenechi ndicho chinandichititsa kufunafuna mawu a eni ake nkhaniyi.

Bungweli analiyambitsa ndi Steven Spielberg mu 1994, atamaliza filimu ya Schindler's List. Pakati pa 1994 ndi 1999 linajambula maumboni pafupifupi 52,000 m'mayiko 56 ndi m'zilankhulo 32. Mu 2006 ntchito yonse inapita m'manja mwa University of Southern California ku Los Angeles, ndipo lero maumboni apitirira 55,000, poti anawonjezamo a opulumuka ku Rwanda mu 1994, ku Cambodia, ku Guatemala, ku Nanjing, ndi a mtundu wa Armenia omwe anapululidwa kuyambira mu 1915.

Vidiyo iliyonse imayamba mofanana. Wofunsa amatchula tsiku ndi mzinda, kenako gogo wopulumukayo amatchula dzina lake, n'kulibwereza chilembo chimodzichimodzi, tsiku lobadwa ndi kwawo. Nthawi zambiri amakhala ali m'nyumba mwake, pa mpando wake. Mulibe nyimbo, mulibe zithunzi za mitembo, kamera imangoyang'ana nkhope yake. Zimatenga maola awiri kapena kuposa, ndipo poti ankajambula pa matepi a mphindi 30, nkhani imaima tepi ikatha n'kuyambiranso pa ina. Kumapeto amaonetsa zithunzi ndi makalata omwe anapulumuka nawo, ndipo ana ndi zidzukulu amabwera kudzakhala pambali pake.

Chomwe ndimayamikira kwambiri n'chakuti ofunsawo sathamangira kundende. Gawo loyamba limathera pa moyo wa nkhondo isanabwere: ntchito ya bambo, buledi yemwe amayi ankaphika Lachisanu pokonzekera Sabata, dzina la mphunzitsi, mnzake wa khomo loyandikana yemwe tsiku lina anangosiya kupereka moni. Kwathu kuno sitiika maliro tisanawerenge mbiri ya malemu, kuti anabadwa liti, kwa yani, anabatizidwa kuti, wasiya ana angati. Anthu omwe anaphedwa ku misasa yopherako anthu ya Treblinka ndi Auschwitz palibe anawawerengera mbiri, ndipo manda alibe. M'mavidiyowa wopulumuka amatchula amayi ake, achemwali ake, amalume ake, mmodzimmodzi ndi dzina lake, ndipo kwa ambiri a iwo imeneyi ndiyo mbiri yokhayo yomwe inawerengedwapo. Ndikamaonetsa ana sindidumpha gawo limeneli ngakhale nthawi itachepa. Ndimalolera kudumpha zina za kutsogolo.

Yemwe ndimayamba naye ndi a Pinchas Gutter. Anabadwira ku Łódź m'dziko la Poland mu 1932, m'banja lopemphera kwambiri, ndipo bambo awo anali opanga vinyo. Anali mapasa ndi mlongo wawo Sabina. Germany italanda Poland mu Sepitembala 1939, banjali linathawira ku Warsaw, komwe linatsekeredwa mu ghetto, dera lozingidwa ndi khoma momwe anapanikizamo Ayuda oposa 400,000. Achinyamata a mu ghetto ataukira asilikali a Germany pa 19 Epulo 1943, banja la a Gutter linabisala m'chipinda cha pansi pa nthaka mpaka linapezeka, n'kulongedwa m'sitima ya katundu kupita ku ndende ya a Nazi ya Majdanek. Iwo anali ndi zaka 10. Bambo awo anawalangiza kuti akafunsidwa anene kuti ali ndi zaka 18, ndipo mawu amenewo ndiwo anawaika kumbali ya okagwira ntchito. Bambo, amayi ndi Sabina anaphedwa atangofika. A Gutter amafotokoza kuti anamuona Sabina akuthamangira kwa amayi awo n'kuwakumbatira, ndipo kuchokera pamenepo nkhope ya mlongo wawoyo inafufutika m'mutu mwawo. Chomwe amakumbukira ndi tsitsi lake lalitali loluka basi.

Nditaimitsa pamenepa kuti ndimasulire, mtsikana wina, yemwe naye ndi mapasa, anakweza dzanja. "Madamu, ndiye kuti ngakhale atamulota sangamuzindikire?" Funso lotere silinabwerepo pa zaka zonse zomwe ndinkaphunzitsa mutuwu ndi buku ndi choko. A Gutter anadutsa m'ndende zina, kuphatikizapo Buchenwald, anamasulidwa ku Theresienstadt mu Meyi 1945, anatengedwa kupita ku Britain ndi ana ena amasiye, ndipo pambuyo pake anakhala zaka zambiri ku South Africa asanasamukire ku Canada. Ana ambiri m'kalasi mwanga ali ndi achibale ku Joni, choncho akamva zimenezi munthuyu amasiya kukhala wa kutali.

Kuno ku Mzuzu ambiri a ife sitinakumanepo ndi Myuda maso ndi maso. Chidani chodana ndi Ayuda, pomwe chilipo pakati pathu, n'chobwereka, ndipo ndachiona chikulowera makomo awiri.

Khomo loyamba ndi la kutchalitchi, ndipo ndikunena izi ngati munthu wopemphera. Nyengo ya Pasaka ikafika timamva kuti Ayuda anapha Yesu, osatchulanso kuti Yesu mwiniyo, Mariya, Petro ndi Paulo onse anali Ayuda, ndi kuti wopachika anali Pilato ndi asilikali a Aroma. Mkulu wa mpingo wina, bambo aulemu wawo omwe ndimawalemekeza, atamva zomwe ndimaonetsa ana anandiuza kuti, "Amayi, zimenezo chinali chilango. Paja ananena okha kuti mwazi wake ukhale pa ife ndi pa ana athu." Ndinawauza kuti mpingo wa Katolika unakana chiphunzitso chimenechi poyera mu 1965, m'chikalata cha Nostra Aetate, ponena kuti imfa ya Yesu singaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo kapena pa Ayuda a lero. Koma ndinadziwa kuti chikalata cha ku Rome sichingawafike pamtima. Ndinawapatsa foni ndi mahedifoni, anakhala pa benchi kunja kwa tchalitchi n'kumvera a Gutter mpaka batire linatsala pang'ono kutha. Sananene kuti asintha maganizo, ndipo sindikufuna kuwanenera. Anangondibwezera foni n'kufunsa ngati alipo wina wolankhula modekha yemwe angakamvere limodzi ndi amayi akunyumba. Kukangana za vesi tikanatha tsiku lonse. Kunena mawu akuti chilango ukuyang'ana nkhope ya gogo yemwe akufotokoza za mlongo wake wa zaka 10, kumeneko n'kovuta, ndipo apa ndi pomwe pagona phindu la nkhokweyi.

Khomo lachiwiri ndi foni. Mauthenga a Illuminati ndi a banja la Rothschild, onena kuti kagulu ka Ayuda kamakumana mobisa kugawana dziko, amatenga zambiri m'kabuku konama kotchedwa Protocols of the Elders of Zion, komwe kanatuluka ku Russia mu 1903. Nyuzipepala ya The Times ya ku London inaonetsa mu 1921 kuti zambiri za m'kabukuka anazikopera m'buku lina la Chifalansa lonyoza Napoleon III, lomwe silinkanena za Ayuda n'komwe. Bodza linaululika koma silinafe, a Nazi analitenga n'kulifalitsa mpaka m'sukulu. Lero likufika ku Zolozolo ndi ku Mchengautuwa ngati vidiyo ya mphindi zitatu yokhala ndi nyimbo zoopsa. Mwana akamvera mayi wa ku Hungary akufotokoza kuti bambo ake anali osoka nsapato m'kamudzi ndipo banja lonse linkagona chipinda chimodzi, amayamba kufunsa yekha kuti olamulira dziko aja ndi ati. Ayuda a ku Hungary pafupifupi 440,000 anatengedwa pakati pa Meyi ndi Julayi 1944, ambiri kupita ku Auschwitz, ndipo palibe chuma chomwe chinaimitsa sitima ngakhale imodzi ya osoka nsapatowo.

Pali nkhani ina yomwe ndimaikonda chifukwa ana athu amaimvetsa msanga kuposa momwe ana a ku Ulaya angaimvere. Kuyambira mu 1144 ku Norwich, ku England, kunali mphekesera yakuti Ayuda amaba ana a Akhristu, ndipo pambuyo pake inakula n'kumati amafuna magazi awo. Bodza limeneli linayenda zaka mazana ambiri. Pa 4 Julayi 1946, nkhondo itatha kale, kamnyamata kena ka ku Kielce ku Poland kananama kuti Ayuda anakatsekera m'chipinda cha pansi pa nyumba yawo, nyumba yomwe inalibe n'komwe chipinda chapansi. Khamu linaukira n'kupha Ayuda 42, ambiri a iwo anthu omwe anali atangopulumuka kwa a Nazi. Ndikafika apa sindifunikanso kufotokoza zambiri, anawo amatchula okha za anamapopa, mphekesera zomwe zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017. Ndimawachenjeza kuti ziwirizi si zofanana kukula kwake. Ku Germany boma lenilenilo, ndi apolisi ake, njanji zake, madokotala ake ndi alembi ake, linakonza zopha mtundu wonse mpaka khanda. Koma kuti bodza la magazi limasandutsa anansi kukhala akupha, zimenezo tinaziona ndi maso athu. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Funso la Gaza limabwera ndithu, makamaka kuyambira kumapeto kwa 2023 pomwe achinyamata athu anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Sindilithawa. Ndimawauza kuti boma lililonse likhoza kudzudzulidwa pa zochita zake, la Israel lomwe, ndipo mwana wa ku Gaza wofa ndi bomba ndi mwana ngati wina aliyense. Koma kuimba mlandu Myuda aliyense wa pa dziko, wa ku Cape Town kapena ku Toronto, chifukwa cha kubadwa kwake, ndiwo maganizo omwe anapha Sabina. Maumboni ambiri a m'nkhokweyi anajambulidwa m'zaka za m'ma 1990 ndipo sanajambulidwe kuti ayankhe ndale za lero. Mphunzitsi asawasenzetse katundu ameneyo.

Tsopano za kagwiritsidwe. Kwa ife a kuno, YouTube ndiyo njira yapafupi. Bungweli lili ndi tchanelo chake komwe kuli maumboni ambiri athunthu, osafuna kulembetsa. Poti chomwe mukuonera ndi nkhope ya munthu wokhala pansi, mukhoza kutsitsa chithunzi kufika pa 240p osataya kanthu, ndipo bandulo imakhalitsa. Ine ndimamvera usiku, netiweki ikapepuka, ndikulemba mphindi zomwe ndidzaimitse m'kalasi. Mawu olembedwa pansi omwe makina amadzipangira okha musawadalire pa mayina a midzi ya ku Poland ndi ku Hungary. Mayina amenewo muziyamba mwawapeza pa mapu n'kuwalemba pa bolodi.

IWitness ndi yaulere, imangofuna imelo kuti mulembetse. Ili ndi tizidutswa tatifupi tosanjidwa m'mitu, monga kudana ndi Ayuda, kubisala, opulumutsa anzawo, komanso maphunziro okonzeratu okhala ndi mafunso. Mphunzitsi akhoza kupanga gulu la kalasi yake, ndipo ophunzira akhoza kudula ndi kulumikiza mavidiyo kuti apange yawoyawo. Zonsezi n'zokonzedwa mwaluso, koma zikuyenera bwino sukulu yomwe mwana aliyense ali ndi kompyuta yake. Ife tili ndi laputopu imodzi, yanga, ndi sipika yomwe ndimabwereka kwa mlamu wanga, choncho ndimatenga mafunso awo n'kuwasandutsa zokambirana m'magulu. Zimatheka. Nyengo ya mvula, yomwe kuno imatalika, sipika ikhale yamphamvu, chifukwa malata akayamba kulira mawu a gogo wa zaka 75 samveka kumbuyo.

Pa tizidutswa timeneti ndili ndi chenjezo, ndipo likupita kwa aphunzitsi anzanga. N'kosavuta kusankha mphindi zitatu zowawa kwambiri, ana n'kulira, belu n'kulira, aliyense n'kupita ku Biology. Kumeneko n'kungowagwedeza mtima, sanaphunzire kanthu. Mwana yemwe wamva za chipinda cha mpweya wa poizoni koma sanamve za tsiku lomwe mwana wachiyuda anachotsedwa m'kalasi anzake akuonerera, sangazindikire chiyambi cha zinthu zotere akachiona. Malamulo a Nuremberg omwe analanda Ayuda unzika anabwera mu 1935, usiku wotentha masunagoge ndi kuswa masitolo unali wa pa 9 Novembala 1938, ndipo msonkhano wa ku Wannsee wokonza kayendetsedwe ka chiwembu chonse unachitika pa 20 Januwale 1942. Pakati pa masiku amenewa pali zaka za tinthu ting'onoting'ono, chikwangwani pa benchi, kasitomala wosiya kugula, ndipo zimenezi zimamveka bwino mu umboni wathunthu. Ndi bwino kutsatira munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka zidzukulu, ngakhale zitatenga mapiriyodi angapo, kusiyana ndi kulawa anthu khumi.

Visual History Archive ndi ya wofuna kukumba. Umboni uliwonse anaugawa mphindi imodziimodzi n'kuikapo mawu ofufuzira, moti mukalemba dzina la mudzi kapena la ndende imakufikitsani pa mphindi yeniyeni yomwe munthu akunena za malowo. Mukalembetsa mwaulere mumaona gawo lina la maumboni, pomwe nkhokwe yonse imatsegukira mayunivesite ndi malaibulale omwe ali pa mgwirizano ndi bungweli. Kwa mphunzitsi wa sekondale gawo laulerelo ndi lochuluka kale kuposa lomwe angamalize.

Chinthu chomwe chimadabwitsa ana kwambiri ndi Dimensions in Testimony, chomwe chimapezeka mkati mwa IWitness. A Gutter ndiwo anali oyamba kujambulidwa mwa njira imeneyi: anakhala masiku angapo akuyankha mafunso oposa 1,000, ndipo lero mukafunsa funso, kompyuta imasankha yankho logwirizana nalo pa mayankho omwe anajambulidwawo. Ndimawatsimikizira ana kuti kompyuta sikupeka mawu, zonse zomwe akumva a Gutter anazilankhuladi. M'kalasi yaphokoso ndi bwino kulemba funso kusiyana ndi kulilankhula. Maganizo anga pa chida chimenechi ndi ogawanika. Chimapatsa mwana wamanyazi mpata wofunsa zomwe sangafunse munthu wamkulu pamaso. Koma mukachiyambirira, ana amachitenga ngati choseweretsa n'kumayesa kuchikola ndi mafunso a mpira. Ndimachitsegula pomaliza, atamva kale mbiri yonse, ndipo pamenepo mafunso awo amakhala ena: ngati a Gutter amapempherabe, ngati anakwiyira Mulungu, ngati amawauza bwanji ana awo.

Za kukhululuka zimabwera nthawi zonse, poti ndife anthu a tchalitchi ndi mzikiti. Apa ndimawaonetsa mayi Eva Mozes Kor, omwe anabadwa mu 1934 ku Romania, nawonso mapasa ndi mchemwali wawo Miriam. Anafika ku Auschwitz mu 1944 ali ndi zaka 10. Makolo awo ndi akulu awo awiri anaphedwa, koma iwo ndi Miriam anasungidwa chifukwa dokotala Josef Mengele ankafuna mapasa oti aziyeserapo jakisoni ndi zinthu zina. Anamasulidwa pa 27 Januwale 1945, tsiku lomwe bungwe la United Nations linalipatula mu 2005 kuti likhale lokumbukira Holocaust. Impso za Miriam sizinakule bwino, Eva anamupatsa yake imodzi, ndipo Miriam anamwalira mu 1993. Mu 1995 mayi Kor anaima ku Auschwitz n'kulengeza kuti akhululukira a Nazi m'dzina lawo lokha. Opulumuka anzawo ambiri zinawapweteka kwambiri. Ana amafuna kuti ndiwauze wolondola ndani. Ndimawauza kuti ine sindinataye amayi anga pa njanji imeneyo, choncho ndilibe ufulu wolamula aliyense wa iwo. Ubwino wa nkhokwe yayikulu chonchi ndi wakuti mulibe liwu limodzi. Muli okhululuka, muli okana, muli omwe anasiya kupemphera, muli omwe anakhala zaka 50 osauza ngakhale ana awo.

Pali malire omwe wogwiritsa ntchito ayenera kuwadziwa. Oyamba ndi chilankhulo. Maumboni ambiri ali m'Chingerezi, ena m'Chirasha, Chiheberi, Chipolishi, Chiyidishi ndi zina, ndipo Chingerezi chake ndi cha anthu omwe anachiphunzira atakula. Mwana wa Fomu 4 payekha amatayika. Ine ndimaimitsa pafupipafupi n'kumasulira m'Chichewa, nthawi zina mwana wina amathandiza m'Chitumbuka, ndipo ola limodzi la vidiyo limasanduka maola awiri. Kumasulira kumeneku n'kolemetsa, chifukwa umayenera kunena kuti "amayi anga" ndi pakamwa pako. Wofuna kuonetsa gulu la kumpingo kapena la achinyamata ayambe wamvera yekha mpaka kumapeto.

Malire ena ndi akuti olankhula ndi opulumuka okha. Ku Auschwitz kunaphedwa anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, koma poti kunalinso misasa yogwiritsa anthu ntchito, alipo ambiri omwe anatulukako n'kufotokoza. Ku Treblinka kunaphedwa pafupifupi 900,000 ndipo opulumuka anali osakwana 100. Ku Babi Yar, pafupi ndi Kyiv, Ayuda 33,771 anawomberedwa m'masiku awiri okha, pa 29 ndi 30 Sepitembala 1941. Mwana akaonera maumboni angapo akhoza kuganiza kuti wanzeru ndi wolimba mtima ankapulumuka. Opulumukawo amanena okha kuti unali mwayi. Mphunzitsi ayenera kubwereza kuti nkhani ya ambiri inathera pa tsiku lofika.

Komanso munthu wofotokoza zinthu patapita zaka 50 akhoza kusokoneza mwezi kapena dzina la msilikali, ndipo okana Holocaust amagwira pomwepo. N'chifukwa chake umboni ndimauyendetsa limodzi ndi makalata a akuphawo. Mu Januwale 1943 mkulu wina wa SS, gulu la asilikali a chipani cha Nazi, dzina lake Hermann Höfle, anatumiza telegalamu yonena kuti pofika kumapeto kwa 1942 anthu 1,274,166 anali atafikitsidwa ku misasa inayi ya Bełżec, Sobibór, Treblinka ndi Majdanek. Anawerenga okha, mpaka nambala yomaliza. Ku Yad Vashem, malo okumbukira Holocaust ku Jerusalem, asonkhanitsa mayina a ophedwa pafupifupi 5 miliyoni. Mwana akagwira telegalamu ya Höfle mbali ino ndi mawu a a Gutter mbali inayo, wokana alibe polowera.

Nkhondo imeneyi sitinaionerere patali. Asilikali a Nyasaland a King's African Rifles anamenya nkhondo ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, mu 1940, n'chifukwa chake baraki ya mumzinda muno ili ndi dzina limenelo. Koma chomwe chinatiyandikitsa kwambiri m'kalasi ndi maumboni a Mboni za Yehova, omwe alimonso m'nkhokweyi. A Nazi ankawatsekera m'ndende atawasokera kansalu kapepo ka makona atatu, chifukwa chokana kuchitira Hitler sawatcha ndi kulowa usilikali. Mnyamata wina atamva zimenezi anati, "Madamu, agogo anga anathawira ku Zambia chifukwa cha khadi." Amanena za Mboni za kuno, zomwe zinaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makhadi a chipani, ndipo mu 1972 zikwi zambiri zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, mpaka chiletso chinachotsedwa mu 1993. Anzake sankadziwa, ngakhale akhala naye desiki imodzi kuyambira Fomu 1.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kupereka ntchito ya kunyumba yotengera ndondomeko ya mavidiyowa. Mwana apemphe chilolezo kwa agogo kapena azakhali, awajambule mawu pa foni, ayambe ndi dzina, tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu, kenako moyo wa ubwana, ndipo zowawa zibwere pa nthawi yake, osawadula mawu, osawakakamiza pomwe akhala chete. Abwera nazo nkhani za aphunzitsi a kumpoto omwe anabwezedwa kwawo mu 1989, za achibale omwe anatsekeredwa ku Mikuyu osazengedwa mlandu, za njala ya 2002. Ndimawakumbutsa kuti izi si Holocaust ndipo tisazitchule choncho. Chomwe tatengera kwa a Gutter ndi mayi Kor ndi kafunsidwe ndi kamvetseredwe. Mawu amenewa amakhala a banjalo, sindiwasunga ine ndipo sitiwaika pa Facebook.

Ana osakwana Fomu 3 sindikulangiza kuwaonetsa maumboni athunthu, chifukwa ena amafotokoza za kugwiriridwa ndi kuphedwa kwa makanda. Pa IWitness pali maphunziro osankhidwa molingana ndi msinkhu, yambirani pamenepo. Kwa akuluakulu, kaya ndi gulu la amayi, la achinyamata kapena munthu payekha, yambani ndi YouTube, lembani dzina la bungweli ndi la Pinchas Gutter kapena Eva Kor, tsitsani chithunzi pa 240p, ndipo khalani ndi mapu a Ulaya pafupi. Omwe ali ndi ulendo wa ku Johannesburg akhoza kukaonanso Johannesburg Holocaust & Genocide Centre ku Forest Town, komwe nkhani ya Holocaust ndi ya Rwanda zikufotokozedwa m'nyumba imodzi. Maumboni a ku Rwanda ndiwo ndikukonzekera kuonetsa teremu ikubwerayi, ndipo ndikufunafuna munthu wodziwa Chinyarwanda mumzinda muno woti adzatithandize kumasulira.